Zimbale Zinayi, Mabuku Atatu ndi Mpata Umodzi

Mu 1975 anyamata asanu a ku Kitwe anatulutsa chimbale chotchedwa Africa. Chinali choyamba, chinalinso chomaliza, pakuti pasanapite nthawi gulu lawo linabalalika. Ankadzitcha Amanaz. Munthu akamva dzinali angayese ndi liwu la chinenero china cha kuno kwathu, koma ndi zilembo zoyamba za mawu a Chingerezi akuti Ask Me About Nice Artistes in Zambia. M'kayankhulidwe kathu tingati, "Ndifunseni za oimba abwino a mu Zambia." Oimba ambiri amasankha maina odzitamandira nawo. Awa anasankha dzina la munthu woima pamphambano, wodikira kuti wina amufunse njira.

Ntchito ya munthu wapamphambanoyo ndi imene ndikufuna kuikamba. Kale nyimbo inkayenda ndi miyendo ya anthu. Mkulu wako ankabwera ndi kaseti kuchokera ku koleji, mnzako ankakubwereka buku lothothoka chikuto n'kukuuza kuti ulibweze Lolemba. Wokupatsayo ankakudziwa, ndipo akakupatsa chosakoma unkamubwerera n'kumuuza pamaso. Lero ntchitoyi tinaisiyira foni. Foni sitopa, sikananso, koma imakupatsa chofanana ndi chimene unamva dzulo, kapena chimene anthu miyandamiyanda akumva kale kwina. Siidziwa kumene umagona. Singakuuze kuti mwini mawu amene akukusangalatsawo ankayenda m'misewu yomwe iwe umadutsamo popita kumsika.

N'chifukwa chake teremu iliyonse ikamayamba ndimalemba mndandanda waufupi papepala n'kuumata kuseri kwa chitseko cha kalasi yanga. Pamakhala zimbale zingapo ndi mabuku angapo a nkhani za zithunzi, amene ana amawatcha makomiki. Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Palabana, m'boma la Chongwe. Ndimakhala ku Chilenje, ndipo m'mawa uliwonse ndimatuluka mu Lusaka kudzera msewu wa Leopards Hill pamene anzanga onse akulimbirana kulowa m'tawuni. Palabana ndi dera la mkaka. Dzina lake linatchuka chifukwa cha sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe zamkaka, ndipo ana ambiri a m'kalasi yanga amafika atakama kale kapena atathirira kale dimba. Tawuni ili pafupi moti usiku kuwala kwake kumaoneka cha kumadzulo, koma kwa mwana wa kuno shopu yogulitsa mabuku ili kutali ngati ku Nakonde.

Chakumapeto kwa 2024, tsiku lina titaweruka, mnyamata wa Giredi 11 anandipeza ndikudikira basi. Anatulutsa foni yosweka galasi n'kunena m'Chinyanja cha m'tawuni, "Ba Ticha, mvelani iyi. Ni waku America, koma mukati muli Chinyanja." Inali nyimbo yotchedwa "Noid" ya Tyler, the Creator, ya m'chimbale chake Chromakopia chimene chinali chitangotuluka mu Okutobala. Mnyamatayo anali wonyada kuti munthu wotchuka chotero waphunzira chinenero chathu. Ndinamuuza kuti mawu a Chinyanjawo si a Tyler. Anadulidwa m'nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi" ya gulu la Ngozi Family, ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977. Mtsogoleri wa gululo anali Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, amene anamwalira mu 1989, ndipo ku Kabwata kuli msewu wotchedwa dzina lake. Mnyamatayo anandiyang'ana kwa kanthawi. Azakhali ake amakhala ku Kabwata komweko ndipo msewuwo amaudziwa, koma masiku onsewa ankayesa kuti dzinalo ndi chenjezo kwa oyendetsa galimoto.

Tinaseka tonse awiri, komabe nkhaniyi inandikhala pamtima. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake Travis Scott anali atachita chimodzimodzi ndi nyimbo ya Amanaz m'chimbale chake Utopia. Oimba a ku America amenewa ndilibe nawo mlandu. Ali ndi makutu abwino, ndipo akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chimene chimandivuta n'chakuti mwana wa ku Palabana amadikira kuti chuma cha kwawo chiwoloke nyanja, chidindidwe chidindo cha ku California, chibwererenso kudzera pa TikTok, ndiye akhulupirire kuti n'chabwino. Ulendo wonsewo ukanafupikitsidwa ndi munthu wamkulu mmodzi wonena kuti, "Khala pansi, imva iyi."

Nyimbo zimenezi lero dziko lonse limazitcha Zamrock. Zinabadwa kumigodi ndi mu Lusaka zaka zochepa ufulu wa 1964 utabwera, mkuwa ukali ndi mtengo, pamene wantchito wa pamgodi ankatha kugula wailesi, suti ndi tikiti ya dansi. Anyamata anamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones ndi James Brown, natenga gitala yolira mokalipa naisakaniza ndi ng'oma ndi kaimbidwe ka kumudzi. Kunali Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, kunali The Peace, Ngozi Family, Amanaz ndi WITCH. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za mu Zambia. Ku Ndola kunali Teal Record Company yodinda zimbale, kunalinso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo yojambulitsa ndi kugulitsa. Kenako zinthu zinagwa motsatizana. Mtengo wa mkuwa unatsika, ndalama ya dansi inasowa. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe itafika pachimake, ndege za Rhodesia zinkaponya mabomba m'dziko muno ndipo boma linaletsa kuyenda usiku. Woimba wopanda usiku ali ngati msodzi wopanda nyanja. Disiko ndi kalindula zinatenga malo. Matenda a Edzi anakolola ambiri mwa amene anatsala.

Palibe amene anakhala pansi n'kugamula kuti Zamrock iiwalike. Inangosowa woipereka kwa mnzake. Amalume anga, amene anagwira ntchito kumigodi ya ku Kitwe pa unyamata wawo, anali ndi zimbale zodzaza bokosi la chitsulo. Bokosilo linakhala zaka pansi pa denga la malata, zimbale zinapindika ndi kutentha, ndipo ana a pakhomo ankaziponya m'mwamba kuti aone imene ingauluke kupitirira mtengo wa mango. Zimbale zonga zomwezo lero anthu a ku Ulaya ndi ku Japan amazisaka ndi ndalama zambiri.

*

Choyamba pa mndandanda wa teremu ino ndi Sogolo, chimbale cha WITCH chimene chinatuluka mu Juni 2025. Dzina la gululi ndi zilembo zoyamba za We Intend To Cause Havoc, lonjezo loti tabwera kudzasokoneza. Woimba wake wamkulu, Emmanuel Chanda, anthu anamutcha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger. Mwa anyamata amene anajambula Lazy Bones!! mu 1975 watsala ndi iye yekha. Nyimbo zitasiya kudyetsa anakhala mphunzitsi ngati ine, kenako anapita kutchire kukakumba miyala yamtengo wapatali. Mu 2012 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inasonkhanitsa zimbale zakale za gululi n'kuzitulutsanso. Mu 2019 kunatuluka filimu ya moyo wake, yojambulidwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy. Mkuluyu anabwerera pa siteji ali ndi imvi, ndipo mu 2023 gululi linatulutsa Zango, chimbale chake choyamba patapita zaka 39, chojambulidwa ku DB Studios mu Lusaka, kumene kunajambulidwanso Lazy Bones!!

Zango chinali chimbale cha munthu wobwerera kwawo, woyang'ana ngati mipando ikali pamene anaisiya. Mu Sogolo munthuyo wakhazikika, wayamba kuisuntha mipandoyo. Gitala ikali yokalipa, koma Patrick Mwondela, amene analowa m'gululi m'masiku a disiko, wapatsidwa malo okwanira pa kiyibodi, ndipo mawu a akazi awiri, Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo, sakungovomereza kumbuyo. M'nyimbo zingapo ndiwo akutsogolera. Zamrock yakale inali bwalo la amuna, choncho atsikana a m'kalasi yanga amatchera khutu akamva zimenezi. Chibemba, Chinyanja ndi Chingerezi zikusinthana popanda kupepesa. Pali zina zimene sindiwabisira ana. Ena mwa oimba a gululi lero ndi a ku Ulaya, monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Chimbalechi chinatuluka kudzera ku Partisan Records ya ku New York, kampani imene inatulutsanso zimbale za IDLES ndi Fontaines D.C., ndipo mwana wa ku Berlin ali ndi mwayi waukulu wowaona akuimba kuposa mwana wa ku Chongwe. Amalume nditawaimbira chimbalechi pa foni anakhala chete mpaka nyimbo yachitatu. "Mphwanga," anatero, "ameneyu akali moyo?" Nditavomera anapukuta m'maso, kenako anagamula ngati woweruza: "Mawu ndi omwewo. Thukuta ndiye lachepa." Ine ndikuti thukuta lilipo, koma mverani Sogolo, kenako Lazy Bones!!, mudzaweruze nokha pakati pa ine ndi amalume.

Chachiwiri ndi As Above, So Below cha Sampa the Great, cha mu 2022. Sampa Tembo anabadwira ku Ndola, anakulira ku Botswana, anatchukira ku Australia, ndipo anabwerera kuno kudzajambula chimbalechi pamodzi ndi Mag44. Iye ndi woimba rap, koma ndamuika pano chifukwa ndiye mlatho wosavuta kuwolokerapo. Nyimbo yake "Never Forget", imene anaimba ndi Chef 187, Tio Nason ndi mng'ono wake Mwanjé, ndi yolemekeza Zamrock, ndipo mu "Can I Live?" anaitana WITCH yeniyeniyo. Mwana amene akuti gitala ndi ya azigogo amayambira apa, osazindikira kuti wawoloka.

Ana amandifunsa kuti indie n'chiyani, popeza liwuli amaliona pa intaneti pambali pa anyamata a ku England ovala majuzi akuluakulu. Ndimawauza kuti poyamba liwuli linkanena za njira yopangira nyimbo: kujambula ndi kugulitsa wekha, kapena ndi kampani yaing'ono, osadikira makampani akuluakulu kuti akuvomereze. Mwa tanthauzo limenelo WITCH inali indie liwulo lisanafike kuno, pakuti chimbale chawo choyamba, Introduction, anakachidinditsa okha ku Nairobi n'kumachigulitsa pa madansi awo. Zimbale ziwiri zotsala pa mndandanda wanga ndi za mtundu umenewu.

Chachitatu ndi Funeral for Justice cha Mdou Moctar, cha mu 2024, chotulutsidwa ndi Matador Records. Iye ndi wa mtundu wa Tuareg wa ku Niger, woimba gitala ndi dzanja lamanzere, ndipo gitala yake yoyamba anaipanga yekha ndi mawaya a mabuleki a njinga. Amaimba m'chinenero cha Tamasheq za zimene France inachita ndi dziko lake, ndi za chinenero chimene ana ayamba kuchisiya. Simudzamva liwu ngakhale limodzi, koma mkwiyo mudzaumva, chifukwa gitala yake imathamanga ngati moto wa lupsa mu Okutobala. Dziko limene uranium wake wayatsa nyali za ku Paris kwa zaka zambiri pamene midzi yake ili mumdima si nkhani yachilendo kwa mdzukulu wa munthu wokumba mkuwa.

Chachinayi ndi Ma Gitala cha Madalitso Band, cha mu 2025, chotulutsidwa ndi Bongo Joe ya ku Geneva. Awa ndi amuna awiri a ku Malawi, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene kwa zaka ankaimba m'misewu ya ku Lilongwe ndi babatoni wopanga okha wa chingwe chimodzi, gitala ya zingwe zinayi ndi ng'oma yopondedwa ndi chidendene. Wina adzati iyi si rock. Ndivomera, koma ndi anthu awiri opanga phokoso la anthu asanu ndi zida zimene mmisiri aliyense wa ku Palabana angazikhome, ndipo akuimba m'chinenero chimene ana anga safuna wowamasulira. Ndikawaika pambuyo pa Mdou Moctar, funso lakuti "tilibe zida" limatha lokha.

*

Za makomiki ndiye pamakhala mkangano. Anzanga ena m'chipinda cha aphunzitsi amati amenewa ndi mabuku a zidole, a ana aulesi osafuna kuwerenga zenizeni. Yankho langa ndi limodzi nthawi zonse: pakati pa chithunzi ichi ndi chinacho pali kampata koyera, ndipo zonse zofunika zimachitika m'kampatako. Chithunzi choyamba munthu wakweza nkhwangwa, chachiwiri mtengo uli pansi. Palibe amene wajambula kugwa kwake. Wowerenga ndiye waugwetsa m'mutu mwake. Luso limeneli, lolumikiza zonenedwa ndi zosanenedwa, ndi lomwe mayeso a Giredi 12 amafuna pamene afunsa kuti wolemba akutanthauzanji. Kuyambira 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, makalasi athu anadzaza, ndipo mwa ana amene anabwerera muli ena amene tsamba lodzaza Chingerezi limawaopsa ngati mtsinje wosefukira. Chithunzi chimakhala mwala wopondapo.

Buku loyamba ndi Kariba, lolembedwa ndi kujambulidwa ndi Daniel Clarke, James Clarke ndi Daniel Snaddon, lotulutsidwa ndi Catalyst Press mu 2023. Ndi nthano ya mtsikana wotchedwa Siku, amene magazi ake ndi a Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wa Zambezi, ndi mnyamata wa ku Italy, Amedeo, amene anabwera ndi omanga damu. Kumbuyo kwa nthanoyi kuli mbiri yeniyeni. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959. Anthu a Chitonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Gwembe mbali zonse ziwiri za mtsinje. Mu 1957 ndi 1958 madzi osefukira anaononga ntchito ya omangawo, ndipo eni dziko anati Nyaminyami wakwiya. Madzi m'bukuli anajambulidwa mwaluso moti umafuna kupukuta zala ukatembenuza tsamba.

Tinaliwerenga mu 2024, chaka cha chilala chimene boma linachilengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, ndipo mkaka unkasasa usanafike kogulitsa. Tinkakokera mabenchi pawindo kuti tione zithunzi. Nditafunsa kuti ndani analipira mtengo wa magetsi amene tikuwadandaulawa, mtsikana wina amene sayankhulayankhula anakweza dzanja. Anati makolo a ambuya ake anasamutsidwira ku Lusitu, ndipo ambuyawo mpaka imfa yawo sankadya kapenta wa ku Kariba, chifukwa ankati wadya pamanda a abale awo. Kalasi yonse inangoti zii. Mawu amenewo mulibe m'bukumo. Kariba ndi nthano ya ulendo ndi zoopsa, imafewetsa zina, ndipo olemba ake si Atonga a m'chigwacho. Koma inatsegula pakamwa pa mwana amene buku la mbiri linamusiya chete kwa zaka zitatu, ndipo pa chifukwa chimenecho ili pamwamba.

Lachiwiri ndi Aya: Claws Come Out, la Marguerite Abouet ndi Clément Oubrerie, limene Drawn & Quarterly ya ku Montreal inalitulutsa m'Chingerezi mu 2024. Nkhani ya Aya inayamba kutuluka m'Chifalansa mu 2005, ndipo buku loyamba linapata mphoto ku Angoulême chaka chotsatira. Imachitikira ku Yopougon, komboni ya mu Abidjan, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Aya ndi mtsikana wofuna kuphunzira, anzake Adjoua ndi Bintou ali ndi zawo, azibambo ali ndi zinsinsi zimene komboni yonse ikuzidziwa. Mulibe nkhondo, mulibe njala, mulibe mzungu wobwera kudzapulumutsa anthu. Muli miseche, ngongole, mimba zosayembekezeka ndi maukwati okonzedwa mothamanga. Ukasintha maina, ndi Chilenje kapena Matero. Ili ndimabwereka a Giredi 11 ndi 12 okha, chifukwa limakamba za akuluakulu mosabisa, ndipo kholo lingachite bwino kuliwerenga poyamba. Amene angathe ayambire buku loyamba.

Lachitatu ndi Djeliya la Juni Ba wa ku Senegal, lotulutsidwa ndi TKO Studios mu 2021. Ku New York buku la 2021 ndi lakale, koma ku Palabana likali lofunda. Ndi nkhani ya Mansour Keita, mwana wa mfumu amene ufumu wake unagwa, ndi Awa Kouyaté, djeli wake, ndiye kuti wosunga mbiri ndi nyimbo za banja lachifumu, pa ulendo wawo wopita ku nsanja ya mfiti Soumaoro. Mizere yake ndi yokhuthala, mitundu yake yowala, anthu ake opindika mwadala ngati a m'makatuni. Ili ndi la ana ojambula. Limawaonetsa kuti munthu angatenge nthano za Amandinka zimene zakhala zaka mazana ambiri n'kuzijambula popanda kubwereka nkhope za ku Japan kapena minofu ya ku America. Mwini wake pambuyo pake anajambulira DC buku la The Boy Wonder mu 2024, osasintha dzanja lake. Ndipo mtima wa nkhaniyi uli pa Awa, munthu amene ntchito yake ndi kukumbukira ndi kuuza ena.

*

Kulemba mndandanda n'kosavuta. Kuufikitsa m'manja mwa mwana ndiye nkhani. Buku limodzi mwa atatuwa likafika mu Lusaka mtengo wake umapitirira thumba la unga la makilo 25, ndipo palibe kholo la ku Palabana limene ndingaliuze kuti lisankhe buku. Anga ndinawapeza mmodzimmodzi, ena kudzera mwa mnzanga woyenda ku Johannesburg. Ndinawakuta ndi pulasitiki, ndipo ndili ndi kope lolembamo wobwereka ndi tsiku lobweza. Kariba yadutsa m'manja oposa makumi anayi. Tsamba lina lili ndi chidindo cha chala cha mafuta a ndiwo, ndipo sindinafunse mwini chalacho.

Nyimbo zili ndi vuto lina. Bando ya intaneti ikatha, ana amatumizirana nyimbo pa Bluetooth, ndipo woimba sapatapo ngakhale ngwee imodzi. Kuwaletsa n'kovuta, pakuti Mdou Moctar yemweyo anayamba kutchuka nyimbo zake zikudumpha kuchoka pa foni kupita pa foni m'chipululu cha Sahara. Koma kuwalekerera osanena kanthu n'kuiwala mmene oimba ambiri a Zamrock anathera, manja ali lende pamene nyimbo zawo zikuvinidwa. Chimene ndimawapempha n'chaching'ono. Potumiza nyimbo, tumizani ndi dzina la woimba, chimbale ndi chaka. Mukapeza intaneti yaulere m'tawuni, imvereni pa tsamba la mwini wake. Mukadzayamba kulandira malipiro, gulani tikiti, osalowera pawindo. Nyimbo yoyenda yopanda dzina ndi imene imadzabwerera patapita zaka makumi anayi ili m'chimbale cha munthu wina.

Pansi pa zinthu zisanu ndi ziwirizi pali mzere wachisanu ndi chitatu umene ndinausiya wopanda kanthu. Unayamba ndi mnyamata wa Giredi 10 amene amakhala kumbuyo kwenikweni, wojambula m'masamba omaliza a kope lililonse. Atabweza Djeliya anandionetsa masamba ake anayi: mtsikana wopalasa njinga yonyamula zigubu za mkaka mbandakucha, akuthamangitsa akuba ng'ombe m'njira za pakati pa mafamu. Ng'ombezo zinali ng'ombe zenizeni, zojambulidwa ndi munthu wodziwa mmene ng'ombe imaimira ikamakamidwa. Koma anthu ake onse ankayankhula Chingerezi cha m'mafilimu. Nditamufunsa chifukwa chake, anati, "Ba Ticha, komiki ya Chinyanja sininaionepo." Zimene anazionapo m'chinenero chathu ndi timapepala ta kolera ndi malungo, tothandiza ndithu, koma topangidwa kuti tilangize. Ndinamuuza za Malenga Mulendema, mayi wa mu Lusaka amene anayambitsa Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a mu Lusaka wa m'tsogolo imene Netflix inaitulutsa mu Julayi 2023. Anamvetsera, kenako anati nayonso ndi ya Chingerezi.

Patapita milungu iwiri kunabwera ambuya ake, amene amamulera. Anakhala pa benchi panja pa kalasi, nayala chitenje pamaondo. "Aphunzitsi," anatero, "mwanayu makope akutha ndi zidole. Kodi pa mayeso adzalemba zidole?" Funso lawo linali lolemera, ndipo ine amene ndangokamba za Jagari kukumba miyala kutchire sindikanawauza kuti luso limadyetsa. M'dziko muno nthawi zambiri silidyetsa. Ndinati, "Ambuya, mantha anu ndi oona. Mayeso ndiwo oyamba, ndipo ndidzamuyang'anira ndine. Koma dzanja ili likaletsedwa silidzasanduka dzanja la masamu, lidzangokhala dzanja lobisa." Tinapangana kuti ndimugulira kope lapadera la zojambula, ndipo azilitsegula akamaliza kukama ndi homuweki. Ndinawapemphanso chinthu chimodzi, kuti nkhani zojambulazo azimupatsa ndi iwo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ngati ndi nthano," anatero, "ndili nazo zambiri kuposa mapepala anuwo."

Pamene ndikulemba pano masamba afika khumi ndi limodzi. Ndi nthano ya fisi amene anapita kukafunsira mbeta atavala chikopa cha mbuzi. Anthu akuyankhula Chinyanja, akuluakulu a m'mudzi akuyankhula Chisoli, ndipo fisi yekha ndiye akuyesa Chingerezi. Masamu a mnyamatayu akali ofooka, ndipo mayeso a kumapeto kwa chaka ali pafupi. Pangano lathu ndi ambuya likhoza kutha mu Disembala. Sabata yatha anatumiza uthenga kudzera mwa mdzukulu wawoyo. Akuti fisi wajambulidwa wonenepa kwambiri, fisi wa m'nthano yawo anali ndi njala, ndipo tsamba lachisanu ndi chiwiri libwerezedwe.